Rediyeta ya galimoto

Rediyeta ndi chipangizo chimene chimaziziritsa madzi ozungulira mu injini ya galimoto. Pa magalimoto ambiri imakhala kutsogolo kuti iziwombedwa ndi mphepo. Ikayamba kudontha, madzi amachepa, injini imatentha mopitirira muyeso ndipo ikhoza kuwonongekeratu.

Mmene imagwirira ntchito

Pampu imakankha madzi otentha kuchoka mu injini kupita mu rediyeta kudzera m'paipi yam'mwamba. Madziwo amadutsa m'timachubu ting'onoting'ono tozunguliridwa ndi tizitsulo topyapyala, ndipo mphepo kapena fani imachotsa kutenthako. Akazizira amabwerera mu injini. Chivindikiro chake chimasunga mpweya wothinana, kotero madzi sawira pa madigiri 100 ngati a mumphika, koma pafupifupi pa 120. Rediyeta ya timabowo tooneka ngati chisa cha njuchi inayamba kutchuka ndi galimoto ya Mercedes ya mu 1901, imene anaikonza ndi Wilhelm Maybach.

Zoyambitsa kudontha

Zifukwa zazikulu ndi dzimbiri, kugwedezeka, miyala yogenda timachubu, mapaipi okalamba komanso chivindikiro chotha mphamvu. Madzi a mumtsinje kapena a pamjigo amakhala ndi dothi ndi mchere zimene zimatseka timachubu ndi kudya chitsulo. N'chifukwa chake opanga magalimoto amalangiza kusakaniza madzi oyera ndi mankhwala otchedwa coolant, kawirikawiri theka ndi theka.

Boma la Neno ndi chitsanzo cha malo amene rediyeta imavutika. Misewu yambiri ndi yafumbi ndi ya mabampu. Madera akumunsi monga Zalewa, Matope ndi Lisungwi amatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, pamene msewu wopita kumtunda, ku Nsambe ndi kwa Dambe, uli ndi zitunda zazitali. Lole yodzaza mbatata ya kachewere imayenda pang'onopang'ono pa giya yaikulu, injini ikugwira ntchito yolemetsa koma mphepo yofika pa rediyeta ili yochepa. Pa malo otere ngakhale kabowo kakang'ono kamaimitsa ulendo.

Zizindikiro

Woyendetsa amazindikira vutoli akaona geji ikukwera, nthunzi ikutuluka m'boneti, madontho obiriwira kapena ofiirira pansi pa galimoto, kapena akamathira madzi pafupipafupi. Zikatero ayenera kuima ndi kuzimitsa injini. Chivindikiro sachitsegula injini ili yotentha, chifukwa madzi owira amathovoka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Kupitiriza ulendo kumapsereza gasiketi kapena kupinda mutu wa injini, ndipo kukonza zimenezi kumadula kuposa rediyeta yatsopano.

Kukonza kapena kusintha

Makaniko amayamba wafufuza pamene pakudontha, popeza nthawi zina vuto limakhala paipi, pampu kapena chomangira chabe. Ena amachotsa rediyeta, kutseka makomo ake, kuipopa mpweya ndi kuimiza m'madzi. Pamene pakutuluka thovu ndi pamene pabooka.

Marediyeta akale a mkuwa amatheka kuwotcherera. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi rediyeta ya aluminiyamu yokhala ndi matanki a pulasitiki. Pulasitikiyo ikang'aluka, guluu wolimba amangothandiza kwa kanthawi. Ngati timachubu tambiri tadyeka kapena tatsekeka, njira yabwino ndi kusintha yonse. Posintha, amakhetsa madzi, kumasula mapaipi ndi fani, kuika ina yofanana kukula, kuthira madzi atsopano, kenako kuliza injini kuti mpweya wotsalira utuluke. Eni magalimoto a ku Neno nthawi zambiri amakagula zipangizo zotere ku Blantyre, m'masitolo kapena mumsika wa Ndirande, ndipo ndi bwino kunyamula yakaleyo kuti akayerekeze.

Madalaivala ena akafa panjira amathira ufa kapena dzira laliwisi kuti zitseke bowo. Zimenezi zikhoza kuwafikitsa pa galaja, koma zimatsekanso timachubu tabwino, choncho rediyetayo imafunika kutsukidwa mwamsanga.

Chenjezo

Coolant wambiri amakhala ndi ethylene glycol, mankhwala otsekemera koma akupha. Sayenera kutayidwa pansi, mumtsinje kapena pafupi ndi mjigo, ndipo asasungidwe m'botolo la zakumwa pamene ana ndi ziweto angafikire.