Kuwala kwa pa Festival City ndi nkhondo zoonera pa galasi

Dzuwa likangolowa pa Dubai Festival City, anthu amakhamukira m'mphepete mwa madzi a Festival Bay kukaonera chionetsero cha IMAGINE. Madzi amatumphuka m'mwamba, moto nkumalilima, ndipo khoma la hotela ya InterContinental limasanduka kanema wamkulu. Chionetserochi chinayamba mu 2016 pa malo a kampani ya Al-Futtaim, ndipo chinalowa m'buku la Guinness World Records kaamba ka kukula kwa zithunzi zake za pamadzi ndi pakhoma.

Koma taonani khamulo. Manja ali m'mwamba, mafoni ali kumaso. Chinthu chili pamphuno pawo, komabe ambiri akuchionera pa galasi la foni kuti abale kumudzi achilandire pa WhatsApp.

Katswiri wa nzeru zakuya wa ku France, Paul Virilio, sakanadabwa nazo. M'buku lake la mu 1984, Guerre et cinéma, iye anati kamera ndi mfuti zinakulira limodzi. Kuyambira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene ndege zinayamba kujambula maenje a adani, asilikali akhala akufuna zithunzi monga momwe amafunira zipolopolo, chifukwa chimene chaoneka ndicho chimaphulitsidwa.

Dera la Gulf linamuchitira umboni. Pa 17 Januwale 1991, mabomba a America ndi anzake atayamba kugwa pa Baghdad, atolankhani a CNN ankaulutsa nkhaniyo kuchokera mu hotela ya Al-Rashid. M'masiku otsatira dziko linaonera thambo lobiriwira ndi zithunzi za mabomba akulunjika pa nyumba zooneka ngati mulibe munthu. Mnzake wa Virilio, Jean Baudrillard, anafika polemba kuti nkhondo ya ku Gulf sinachitike, kutanthauza kuti anthu anaonetsedwa sewero lokonzedwa bwino. Komatu pa 13 Febuluwale, anthu wamba oposa 400 anaphedwa m'nyumba yobisalamo ya Amiriyah.

Apa mpomwe maganizo a Baudrillard amapereweza. Susan Sontag wa ku America anawatsutsa mu 2003, ponena kuti nkhondo imakhala sewero kwa okhawo amene ali kutali, okhuta, oonera ali pampando. Amalawi angamuvomereze. Mu 1991 kwathu kunalibe kanema wa dziko lino; TVM inadzabwera mu 1999. Za ku Iraq anthu ankazimva pa wailesi ya MBC ndi BBC. Nkhondo imene ankaidziwa ndi maso inali ya ku Mozambique, yomwe inabweretsa othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena. Amayi ankafika ana ali kumbuyo, mitolo ili pamutu, ndipo ankatunga nafe madzi pa mjigo umodzi.

Dziko la United Arab Emirates, komwe kuli Dubai, nalo linalowa nkhondo ya ku Yemen mu 2015, koma mlendo wogula zinthu pa Festival City sakanaimva fungo. Inadzagogoda pa 17 Januwale 2022, pamene gulu la Houthi linaphulitsa magalimoto onyamula mafuta ku Musaffah, ku Abu Dhabi. Mafoni anafalitsa utsi wakuda ukufuka. Anafa ndi anthu atatu, awiri a ku India ndi mmodzi wa ku Pakistan, onse obwera kudzagwira ntchito monga amachitira achinyamata athu.