Kutopa ndi Ntchito Sikulimbitsa Thupi

Pamene mliri wa COVID-19 unalowa m'Malawi mu Epulo 2020, ndipo Bwalo Lalikulu la milandu linaimitsa lamulo lotsekera anthu m'nyumba masiku 21, ambiri anayesa kuti ogwira ntchito zachipatala, popeza sanaleke kulawirira kuntchito, matupi awo anakhalabe amphamvu monga kale.

Ine ndinena kuti nkhaniyi ili pawiri. Mlangizi wa zaumoyo, amene amapalasa njinga kuchoka pa Nsanama kukayendera midzi, mtima wake umagunda mwamphamvu ndipo magazi amayenda bwino. Koma namwino woimirira tsiku lathunthu, chophimba pakamwa ndi pamphuno chili chinyowere thukuta, amafika kunyumba miyendo itatupa, ali wolema koma wosalimba, makamaka masiku aja pamene mpira wamiyendo ndi wamanja, umene ukanalimbitsa thupi, unaimitsidwa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, limalangiza munthu wamkulu kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga mphindi zosachepera 150 pa sabata. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Chifukwa chake ndipempha akuluakulu a zipatala kuti awapatse atumiki athuwa mpata wosamalira matupi awo, pakuti namwino akadwala, mudzi wonse umasowa pothawira.