Madigadi a Mapaipi pa Galimoto ya m'Thengo

Nkhani ya lero iri ya amisiri a citsulo, makamaka iwo amene anaphunzira kuocherera m'nyumba za nchito za ku migodi ndi m'magalaji a m'matauni. Irinso ya eni magalimoto oyenda m'njira zoipa, monga Jeep ndi Land Rover. Ifotokoza za madigadi, ndiwo malata aja ophimba gudumu kuti matope ndi miyala zisauluke, ndi m'mene mmisiri angapangire ena olimba ndi mapaipi pamene ocokera ku fakitale aphwanyika kapena acepa.

Luso limeneli linakula ku America pakati pa eni a Jeep. Jeep ya pa nkhondo, imene kampani ya Willys inayamba kupanga m'caka ca 1941, inali ndi madigadi athyathyathya, ndipo gudumu linali kuonekera poyera. Kuyambira pa Jeep yochedwa CJ-5, ya caka ca 1955, madigadi anakhala obulungira, otsikira kutsogolo kwa gudumu. Tsono anthu okonda kukwera matanthwe ndi galimoto, monga ku Moab m'dera la Utah ndi pa njira ya Rubicon ku California, anayamba kubveka magalimoto ao matayala akuru a mainchesi 33 kapena 35. Pamenepo anapeza mabvuto awiri: tayala linali kukhula madigadi, ndipo mwala unali kufinya lata lopyapyala lija monga citini. Cifukwa cace anacotsa madigadi akale, napinda mapaipi, nawaphimba pamwamba ndi lata losalala. Ku Britain nakonso eni a Land Rover ocita mipikisano m'matope amacita cimodzimodzi.

Pa nchito yonseyi cinthu cacikuru ndi cimodzi: gudumu ndilo lilamula maonekedwe a madigadi. Galimoto ikaima pa malo osalala, pakati pa tayala ndi madigadi paoneka mpata waukuru, ndipo mmisiri wa phuma anyengedwa nao. Koma gudumu limodzi likakwera mwala, ekiselo, ndiye mtanda wa citsulo wogwira magudumu awiri, ipendekeka, ndipo tayala likwera m'mwamba kulowa m'madigadi. Woyendetsa akakhotetsanso ciongolero pa nthawi yomweyo, mphepete ya tayala isendera kumbuyo, kufupi ndi kumene iye aponda mapazi. Madigadi a lata akakhudzidwa angopindika, koma paipi siigonja. Ing'amba tayala, ndipo tayala long'ambika pakati pa thengo, kutali ndi mudzi, ndi tsoka lalikuru.

Cotero mmisiri asanadule kanthu ayambe wayesa. Abveke galimoto matayala omwewo amene idzayendera, acotse madigadi akale, ndipo akweze gudumu limodzi la kutsogolo pa culu kapena pa mulu wa dothi, kufikira ekiselo itagunda mphira uja wokhala pansi pa chasisi. Ali pomwepo akhotetse ciongolero ku manja mpaka potsiriza, ndi ku manzerenso, nalembe ndi coko pamene tayala lafika. Pamwamba pa cizindikiro cimeneco asiyepo mpata wosacepera inchi imodzi, ndiyo mamilimita 25, pakuti mphira uja umafinyika galimoto ikagwa m'dzenje ndi liwiro. Akatero ayesenso mbali inayo. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ola limodzi la pa culu lipulumutsa paipi ndi tayala lomwe.

Pocotsa madigadi akale mmisiri apenyetsetse zinthu zonse zimene zinali kutsamira pamenepo. Pa Jeep Wrangler yochedwa TJ, yopangidwa kuyambira 1996 kufikira 2006, madigadi agwirizitsa thupi la galimoto ndi citsulo ca kutsogolo cosunga nyali zazikuru. Pa madigadi omwewo pali zokowera boneti ndi nyali zosonyeza kokhotera, ndipo m'kati mwace mutsamira zina monga coikapo batire ndi bokosi losefa mpweya wa injini. Ciri conse mwa izi cifuna malo ace pa madigadi atsopano, ndipo kuli bwino kuganizira malowo paipi isanapindidwe.

Cifaniziro cipangidwa ndi zinthu zosaononga ndalama. Waya wonenepa aupinda ndi manja kufikira utatsata njira imene paipi idzayenda, ndipo katoni aidula m'malo mwa lata. Pambuyo pace mmisiri agoneke wayayo pa simenti ndi kujambula ndi coko. Akumbukire kuti madigadi a ku manja ndi a ku manzere ali ngati dzanja ndi dzanja linzace: afanana, koma sapenya kumodzi. Wopinda mapaipi awiri mofanana ndendende adzapeza kuti ali ndi a mbali imodzi okha.

Paipi imene amisiri ambiri amasankha ndi ya citsulo cakuda, ya inchi imodzi ndi theka poiyesa kunja, ndiyo mamilimita 38, yocindikala mamilimita 2.5 kapena 3. Paipi yopangira mipando iri yopyapyala, ndipo ifwanyika poipinda. Paipi ya madzi ilemera, ndiponso kawirikawiri iri yokutidwa ndi zinki, citsulo coyera cija ca pa malata a denga. Zinki ikapsa iturutsa utsi woyera, ndipo munthu woupuma agwidwa ndi mutu, kuzizidwa ndi kutentha thupi patapita maola ocepa, monga ngati malungo. Munthu wa ku migodi adziwa kale mtengo wa mapapo ace. Ngati palibe paipi ina, apale zinki yonse pa malo oocherera, nagwire nchitoyo panja pa mphepo.

Kupinda kwabwino kucitika ndi makina opindira, okhala ndi cikombole colingana ndi kukula kwa paipiyo. Cikombole cikakula, paipi iphwatalala pokhota ndi kutaya mphamvu. Paipi ikamasulidwa ibwerera pang'ono, cotero aipinde kupyola pang'ono pa cizindikiro, ndi kuiyesa pa cithunzi ca pa simenti kawiri kawiri. Kumene kulibe makina, amisiri amadzaza mcenga m'paipi, natseka ku mapeto, naitentha mpaka kufiira, naikoka pang'ono pang'ono mozungulira citsulo cobulungira. Mcengawo uletsa paipi kufwanyika. Koma ukhale wouma ndithu, wokazingidwa pa moto, cifukwa mcenga wa cinyezi usanduka nthunzi m'kati, ndipo cotsekera cingaturuke monga cipolopolo. Paipi yotentha aisiye izizire yokha, asaithire madzi.

Pamene paipi ikumana ndi inzace, nsonga yace aiseme monga kamwa la nsomba, kuti ikumbatire inzaceyo osasiya mpata. Mpata wodzazidwa ndi moto wokha ndiwo uyamba kusweka pa mseu wa mabampu. Mmisiri amange timbale ta citsulo ta mamilimita 3 kufikira 5 pa mabowo akale a mabauti, ndipo alumikize mapaipi pa timbaleto ndi timadontho ta moto tokha. Atseke boneti, atsegule citseko, aone ngati zonse ziyenda bwino. Akakhutira amasule madigadi onse ndi kukatsiriza kuocherera pa thebulo. Lata la pamwamba likhale la mamilimita 1.5 kapena 2, ndipo aliocherere pang'ono pang'ono, inchi imodzi apa, inchi ina kutali, kulindira kuti lizizire, pakuti moto wopitirira ulipotoza. Ku mapeto a mapaipi atsekeko kuti madzi asalowe, koma asiye kabowo kakang'ono kopumira mpweya wotentha, kamene adzatseka potsiriza.

Moto uli wonse pafupi ndi galimoto ufuna kusamala. Batire aimasule poyamba. Mapaipi a petulo, a mabuleki ndi mawaya awaphimbe ndi lata kapena cikumba, ndipo galasi la kutsogolo aliphimbenso, cifukwa timoto ta gilainda timamatirira pa galasi osacokanso. Cidebe ca mcenga kapena cozimira moto cikhale pafupi, ndipo cishango ca kumaso cisacoke pa nkhope ya woocherera.

Pali cinthu cina cimene ambiri amaiwala. Madigadi a paipi alimba koposa thupi la galimoto, cotero akagunda mtengo mphamvu yonse ipitirira kumene amangidwa. Ngati amangidwa pa lata lopyapyala ndi mabauti awiri okha, madigadi apulumuka koma thupi ling'ambika. Cifukwa cace kuseri kwa lata kukhale kambale kena kotambalala, kuti mphamvu igawike. Pa Land Rover pali bvuto linanso. Kuyambira 1948 thupi lace linali kupangidwa ndi aluminiyamu, pakuti citsulo cinali cosowa ku Britain itatha nkhondo. Aluminiyamu siilumikizika ndi citsulo pa moto wa masiku onse, ndipo ziwirizi zikakhudzana pali cinyezi, aluminiyamu idyeka ndi kusanduka ufa woyera. Mmisiri amange madigadi pa ziwalo za citsulo, monga chasisi ndi khoma la pakati pa injini ndi woyendetsa, ndipo pamene citsulo cikumana ndi aluminiyamu apakepo utoto ndi kuikapo mphira.

Galimoto ya m'thengo ipitanso m'tauni, m'mene muli ana a sukulu ndi anthu a njinga. Lata lopyapyala ligonja likagunda munthu, koma paipi iai. Cotero pasakhale nsonga yakuthwa kapena paipi yosongokera kunja. Madigadi aphimbe tayala lonse m'mimba mwace, cifukwa tayala loturukira kunja liponya miyala pa galasi la wotsata m'mbuyo, ndipo m'maiko ambiri lamulo liletsa zimenezi. Nyali zosonyeza kokhotera zibwerere pamene anthu angazione. Mu Zambia oyesa magalimoto ngati ayenera kuyenda pa mseu ndi a bungwe la RTSA, ndipo mwini galimoto acita bwino kuwafunsa nchito isanayambe.

Potsiriza mmisiri apale citsulo conse kufikira citawala, apake utoto wofiira woletsa dzimbiri, ndi utoto wa pamwamba pambuyo pace. Utoto ukauma ndipo madigadi amangidwa, apake coko pa mphepete ya tayala, nabwerere ku culu cija kukayesa monga poyamba. Coko cikaoneka pa paipi, nchito siinathe. Cikapanda kuoneka, galimoto ingathe kunyamuka, ndipo pobwera ku ulendo woyamba mabauti onse awakungenso ndi sipanala.