Gulu la Magazi Si Chishango cha Matenda

Pa mabenchi odikirira ku chipatala pamamveka nkhani yakuti anthu a magazi a gulu O sagwidwa ndi matenda opatsirana. Ena amafika ponena kuti ngakhale kachirombo koyambitsa Edzi sikawaloŵa. Mphekesera imeneyi ndi yoopsa, pakuti woikhulupirira amaleka kudzisamala. Kodi zoona zake ndi ziti?

Magulu a magazi anatulukiridwa ndi dokotala wa ku Vienna, Karl Landsteiner, m'chaka cha 1901. Magulu akuluakulu alipo anayi: A, B, AB ndi O, ndipo mwana amatengera gulu lake kwa makolo. Chimene chimasiyanitsa maguluŵa ndi tizizindikiro tosaoneka ndi maso timene timakhala pamwamba pa maselo ofiira a m'magazi. Mwa anthu ambiri tizizindikiro tomweti timapezekanso m'malovu ndi m'kati mwa matumbo.

Mavairasi ndi tizirombo tochepetsetsa timene sitingathe kuswana tisanaloŵe m'maselo a thupi. Kuti kachirombo kaloŵe, kayenera kuyamba kapeza pogwira, monga mbewu za chisoso zimakanirira pa chitenje koma sizigwira pa khasu. Mavairasi ena pogwira pawo ndi pa tizizindikiro tija.

Chitsanzo ndi norovirus, kachirombo kosanzitsa ndi kotsegula m'mimba, kamene kanatenga dzina lake ku Norwalk, ku America, kumene kanadwalitsa ana a sukulu m'chaka cha 1968. Anthu amene alibe tizizindikiro tija m'matumbo sagwidwa kaŵirikaŵiri ndi mitundu yambiri ya kachiromboka. Chodabwitsa n'chakuti mtundu wa ku Norwalk uja umagwira msanga anthu a gulu O kuposa a gulu B. Rotavirus, amene amatsegula ana aang'ono m'mimba, nayenso amagwira m'matumbo mwa njira yofananayo.

M'chaka cha 2020 madokotala anafufuza odwala COVID-19 ku Italy ndi ku Spain. Anapeza kuti matendaŵa ankakula pang'ono mwa anthu a gulu A kusiyana ndi a gulu O. Komabe kusiyanako kunali kochepa. A gulu O nawonso ankadwala ndi kumwalira, ndipo ukalamba, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndizo zinkaika munthu pangozi yaikulu.

Nanga kachirombo ka HIV? Ikoko kamaloŵa m'maselo oyera oteteza thupi, ndipo khomo lake silikhudzana ndi A, B kapena O. Palibe gulu la magazi limene limatchinjiriza munthu ku Edzi.

Kudziŵa gulu la magazi ndi kofunika ndithu, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi kwa wodwala wofunika kuikidwa magazi. Koma chitetezo chenicheni chili m'zinthu zimene banja lililonse lingachite. Ana apite ku sikelo akalandire katemera yense, kuphatikizapo wa rota, amene anayamba kuperekedwa m'Malaŵi m'chaka cha 2012 ndipo mwana amayamba kulandira ali ndi masabata 6. Aliyense asambe m'manja ndi sopo pochokera ku chimbudzi, asanaphike ndiponso asanadyetse mwana. Mwana wotsegula m'mimba apatsidwe madzi a ORS, apitirize kuyamwa, ndipo atengeredwe ku chipatala msanga. Akuluakulu akayezetse magazi kuti adziŵe ngati ali ndi HIV.

Gulu la magazi ndi lobadwa nalo, munthu sasankha. Koma ukhondo ndi katemera zili m'manja mwa aliyense.