MWALA WA M'PENSULO NDI NCHITO YAKE YATSOPANO

Mwana wa sukulu ku Kawale kapena ku Biwi akamalemba ndi pensulo, cimene cimatsalira pa pepala ndi mwala wakuda wofewa, dzina lace graphite. Mwala womwewu ulimonso m'mabatire a mafoni amene agulitsidwa ku Area 25. Ambiri sadziwa kuti uli m'nthaka ya Lilongwe yomwe, ku Malingunde ndi ku Kasiya, kumene kampani ya ku Australia, Sovereign Metals, inaufufuza.

Graphite anapangika ngati buku la masamba osanjikizana. Tsamba limodzi likacotsedwa palokha lichedwa graphene. Kupyapyala kwace nkodabwitsa: pafunika masamba ngati 3 miliyoni kuti akwane milimita imodzi. Komabe liri lolimba kuposa citsulo, ndipo magetsi ayendamo bwino lomwe.

M'caka ca 2004, ku Manchester, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov analekanitsa tsambali pomata tepi pa mwala ndi kumatula kawirikawiri. Analandira mphotho ya Nobel mu 2010.

Bvuto lagona pa kucurukitsa. Tepi ipatsa kacidutswa kobvuta kukaona ndi maso. Mtondo ukwanira banja limodzi, koma mzinda wonse ufuna cigayo, ndipo cigayo ca graphene cabvutitsa akatswiri zaka zambiri.

Ena aumba tsambali pa mkuwa m'ng'anjo yotentha madigiri ngati 1,000, napitirizamo mpweya wa methane. Ku South Korea mu 2010 anapanga tsamba la mainchesi 30. Koma policotsa pa mkuwapo limacita makwinya kapena kung'ambika, ndiponso ndarama zilowapo zambiri. Ena atakasa graphite m'madzi a mankhwala kuti masamba alekane. Njira imeneyi ndi yochipa ndipo iturutsa zambiri, koma ufa wace uturuka ndi misere: masamba ambiri atsala omatirirana. Mu 2018 akatswiri a ku Singapore anayesa katundu wa makampani 60, napeza kuti wambiri sanali graphene weni-weni, koma graphite wopera cabe.

Aphunzitsi afotokozere anthu zimenezi, maka-maka amene angamve mphekesera kuti thumba la mwala wakuda ndi cuma. Mwala wongokumba suli graphene ai. Ngakhale wa mabatire uyenera kuyamba watsukidwa ndi kuyeretsedwa m'fakitale, ndipo pafupi-fupi nchito yonse yoyeretsayi icitikira ku China.