NESI WA MAWA APHUNZIRE NCHITO YA KUMUDZI

Mai akayamba kumva zowawa za pakati usiku, kapena mwana akatentha thupi ndi malungo, anthu a kumudzi amathamangira ku kiliniki. Kumeneko kawiri-kawiri kulibe dotolo. Amene amatsegula citseko ndi nesi. Cotero maphunziro a manesi ndi nkhani yokhudza banja lililonse.

Kale nesi anali kuphunzitsidwa kwenikweni kuthandiza dotolo m'cipatala cacikulu. Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 1992, pamene Boma linakonza zaumoyo mwatsopano ndi colinga cakuti cithandizo cifike pafupi ndi banja. Mphamvu zambiri zinaperekedwa ku maboma ang'ono. Mu April 2006 malipilo anacotsedwa m'zipatala zazing'ono za kumidzi kuti wosauka asaope kupita kukalandila mankhwala.

Kusintha kumeneku kunaika katundu wolemera pa mutu wa nesi. Iye yekha ayenera kupima wodwala, kubeleketsa amai, kupereka katemera, kusamala odwala cifuwa cacikulu ndi a kacilombo ka HIV, ndiponso kudziwa nthawi yotumiza wodwala ku cipatala cacikulu asanafooke. Lamulo la manesi ndi azamba la 1997 linavomeleza zimenezi, pakuti linalola manesi kulembela odwala mankhwala ena. Linatsegulanso njila yakuti anthu wamba akhale ndi masukulu a unesi.

Lelo masukulu acuruka. Kuno ku Cigawo ca Kum'mawa, Chipata, Mwami ndi St Francis ku Katete ndi malo odziwika pophunzitsa manesi, ndipo m'matauni mwabadwa masukulu ena ambili. Koma kucuruka kwa masukulu kuli ndi bvuto lake. Unesi suphunzilidwa pa bolodi pokha. Ophunzila akaunjikana pa bedi limodzi, ena amatsiliza zaka zitatu manja ao asanazolowele nchito. Ena amakhoza mayeso koma nakhala pakhomo zaka kudikila nchito, ngakhale kuti mu 2022 Boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000.

Lamulo latsopano la 2019 linakhazikitsa bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia m'malo mwa General Nursing Council. Bungweli ndilo limavomeleza masukulu ndi kulemba m'kaundula manesi ololedwa kugwila nchito.

Inu makolo, musanagulitse ng'ombe kapena matumba a cimanga kuti mulipilile mwana, yambani mwafunsa ngati sukuluyo ndi yovomelezedwa ndi bungweli. Funsaninso cipatala kumene ophunzila amakagwila odwala ndi manja ao, ndiponso ngati amatumizidwa ku makiliniki a kumidzi. Ndalama zanu zisapite pacabe. Kumbukilaninso kuti mwana amene mukumphunzitsa lelo angadzakhale yemwe adzatsegulila mdzukulu wanu citseko usiku.