Kusankha Malo Ophunzirira Kumenya Mpira wa Baseball ndi Softball

Ku America, ku Japan ndi ku maiko ena kumene masewera a baseball ndi softball ali otchuka, mwana wofuna kuzolowera kumenya mpira amapita ku malo amene amatchedwa batting cage. Limeneli ndi khola lalitali lotchingidwa ndi ukonde m'mbali ndi pamwamba. Kumapeto kwina kumakhala makina oponya mpira, ndipo kwinaku kumaima womenya ali ndi chibonga chake. Makola ambiri amatalika mamita pafupifupi 21, mulifupi mamita 4. Makolo a m'maikowa, pamodzi ndi anzathu amene akulerera ana awo kumeneko, kawirikawiri amasankha khola poona mtengo wolipira ndi kufupika kwa ulendo. Ife oyang'anira zaumoyo timayamba taganizira za mpirawo.

Mpira wa baseball umalemera magalamu pafupifupi 145 okha, koma ndi wolimba zedi. Wa softball ndi wokulirapo, ndipo ngakhale dzina lake m'Chingerezi likunena za kufewa, suli wofewa konse. M'chaka cha 1920, Ray Chapman wa timu ya Cleveland anagundidwa m'mutu ndi mpira woponyedwa ndi Carl Mays, namwalira m'mawa mwake. Komabe panapita zaka zambiri kufikira 1971 pamene ligi yaikulu ya ku America inalamula kuti womenya azivala chisoti cholimba. Tsono mukafika pa khola n'kuona ana akumenya mpira mitu ili pamtunda, musataye nthawi kufunsa za mtengo, bwererani.

Chisoti chabwino chimaphimba khutu loyang'ana kumene mpira ukuchokera, sichigwedezeka mwana akapukusa mutu, ndipo chilibe mng'alu. Ku America yang'anani chizindikiro cha bungwe la NOCSAE, limene limakhazikitsa miyezo ya zida zotere. Zisoti zobwereketsa zimavalidwa ndi mitu yambiri pa tsiku. Makolo amaopa nsabwe, koma nsabwe zimafala makamaka mitu ikagundana. Chodetsa nkhawa kwa ine ndi zipere za m'mutu. Funsani ngati zisotizo zimapukutidwa ndi mankhwala, ndipo ngati mwana adzipitako sabata ndi sabata, kuli bwino kumugulira chake.

Kenaka onani makina. Pa baseball ya akulu, woponya amaima mamita 18.44 kuchokera kwa womenya, ndipo mpira wothamanga makilomita 145 pa ola umafika theka la sekondi lisanakwane. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sangathe kuuzinda. Khola loyenera lili ndi makina otheka kuchepetsa liwiro, ndipo liwirolo limalembedwa poonekera. Woponya wa softball amaponya kuchokera m'munsi, dzanja likudutsa pafupi ndi ntchafu, kotero mtsikana wophunzira softball asaikidwe pa makina a baseball ayi. Musanalowetse mwana, imani kunja muone mipira khumi. Ikamapita ina kumwamba ina kumbali, ndiye kuti mipirayo ndi yoperepeseka kapena yonyowa, kapenanso makinawo sakonzedwa.

Pali ngozi ina imene anthu ambiri saidziwa, ndipo chisoti sichiiletsa. Madokotala amaitcha commotio cordis. Mpira ukagunda pachifuwa, molunjika mtima, pa kamphindi kochepetsetsa pamene mtima ukukonzekera kugunda kwina, magetsi oyendetsa mtima amasokonezeka. Mtima umangonjenjemera osapopa magazi, ndipo mwana amagwa pomwepo kapena atayenda mapazi ochepa. Nthiti sizithyoka, mtima sukhala ndi bala, ndipo mpirawo suchita kufunika kuthamanga kwambiri. Ngoziyi sichitika kawirikawiri, koma imakonda ana ndi anyamata chifukwa chifuwa chawo n'chofewa, ndipo baseball ndiwo masewera amene yawonekamo koposa. Chopulumutsa ndi kuyamba msanga kupsinja pachifuwa ndi kugwiritsa ntchito makina a AED, amene amabwezera mtima m'kugunda kwake ndi mphamvu ya magetsi. Mphindi iliyonse yochedwa imachepetsa mwayi wa moyo. Chifukwa chake funsani mwini khola mosachita manyazi kuti AED ili pati, ndiponso ndani mwa antchito a tsikulo anaphunzira kuigwiritsa ntchito. Ngati yatsekeredwa mu ofesi ndipo kiyi ali ndi munthu amene wachoka, n'chimodzimodzi kulibe.

Ukonde uyenera kulendewera momasuka kuti uzimeza mphamvu ya mpira. Wokokedwa kwambiri umabweza mpira kwa womenya, ndipo mizati yachitsulo yosakutidwa imachita zomwezo. Pa makola a panja, dzuwa ndi mvula zimafooketsa ulusi. Yendani m'mbali mufufuze zibowo, makamaka kumbuyo kwa womenya ndi pamene makola awiri agundana. Oonerera asatsamire ukonde, pakuti mpira umaukankhira kunja.

Ngati mphunzitsi kapena bambo wa mwana ndiye akuponya ndi dzanja, aime kuseri kwa chotchinga chooneka ngati chilembo cha L. Mpira wochoka pa chibonga umapha munthu wamkulu: mu 2007 mphunzitsi Mike Coolbaugh anamwalira utamugunda m'khosi pa masewera ku Arkansas.

Zotsalazo n'zimene timayang'ana pa malo alionse osonkhana anthu: kuwala kokwanira, pansi posaterera, madzi akumwa, zimbudzi zaukhondo ndi bokosi la chithandizo choyamba. M'khola muzilowa womenya mmodzi pa nthawi, mipira itoledwe makina atazimitsidwa, ndipo ana odikira kunja asamazunguze zibonga pakati pa anzawo.